Mfuti Yosulidwa ndi Manja ku America

Ambiri a inu mukuidziŵa gogodera, mfuti yothirira wonga kukamwa, imene inafika kuno ndi malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Mkati mwa mpope wake ndi mosalala, choncho chipolopolo chikapita patali chimasokera. Lero tikamba za mbale wake wa ku America, mfuti yaitali yokhala ndi tingalande topotana mkati mwa mpope, timene timachititsa chipolopolo kuzungulira ngati nguli ndi kuyenda molunjika.

Mfuti imeneyi anaitchukitsa ndi amisiri ochokera ku Germany amene anakhazikika m'dera la Lancaster, ku Pennsylvania, m'zaka za m'ma 1700. Mu 1777, pa nkhondo ya ku Saratoga, asilikali a Daniel Morgan anasautsa nayo Angerezi kwambiri. Koma makina atalanda ntchitoyi, luso la pachipala linazirala. Ndiye chifukwa chake kanema amene a Colonial Williamsburg, ku Virginia, anatulutsa mu 1969, woonetsa mmisiri Wallace Gusler akusula mfuti yotere kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, ali wamtengo wapatali kwa ofufuza mbiri.

Ntchito yaikulu ili pa mpope. Mmisiri amatenga chitsulo chophwatalala, nachiotcha, nachipinda mozunguliza kandodo kachitsulo, nkumalumikiza msoko ndi nyundo pang'onopang'ono. Moto ukachepa msoko sugwirana. Ukapyola, chitsulo chimapsa. Ndipo palibe womuuza, koma maso ake poona mtundu wa chitsulo chofiiracho. Akaboola bwino mkati, amadutsitsamo chingwe chokungika nasuzumira, kuti aone pamene pakhota. Tingalande tija amatipala kamodzikamodzi, nkumakweza kampeni kake ndi kachidutswa ka pepala. Taganizani, omvera, pepala lokha ndilo muyeso! Mpope ukatha amauyesa ndi wonga wopyola muyeso, iye ataima patali, pakuti msoko wabodza umaphulikira pankhope pa mlenje.

Mtengo wogwirira, kaŵirikaŵiri wa maple, nawo sufuna phuma. Amapaka mwaye pa mpope, naukanikiza pamtengopo, nasema pokhapo pamene pada, kubwerezabwereza mpaka ziŵirizo zitagonana bwino.

Komatu tisanyengeke ndi kanemayo. Amisiri ambiri a nthaŵi imeneyo sanali kusula zonse okha. Kachipangizo kamene mwala umamenyapo ndi kutulutsa moto ankakagula chopangiratu, kaŵirikaŵiri kochokera ku England kapena ku Germany, ndipo mipope ena ankaigula kwa anzawo amene ntchito yawo inali yomweyo. Gusler anaika m'manja mwa munthu mmodzi ntchito imene kale inkagaŵidwa pakati pa amisiri angapo, ena a iwo ali kutsidya kwa nyanja ya Atlantic.