Kodi "modelo" ndi ndani?

Ambiri akamva mawu oti modelo amangoganiza za mtsikana wamtali, wochepa thupi, woyera khungu. Komatu tanthauzo lake silikhudza khungu konse. Mawuwa tinabwereka ku Chingerezi, ndipo gwero lake ndi liwu la Chilatini loti modulus, kutanthauza kamuyeso. Telala akasoka diresi ya chitenje n'kuveka mwana wake wamkazi kuti makasitomala aone mmene ikukhalira m'thupi, mtsikanayo ndi modelo basi, kaya ndi wakuda bii, kaya ndi wojintcha.

Nanga za khungu loyerazi zinachokera kuti? Kwa zaka zambiri magazini a zovala ku Ulaya ndi ku America ankajambula pafupifupi azungu okhaokha, ndipo amene waikidwa kukhala muyeso ndiye amazoloweretsa maso a anthu kuti kukongola n'kumeneku. Donyale Luna ndiye wakuda woyamba kuoneka pachikuto cha magazini ya Vogue ya ku Britain, mu 1966. Ya ku America inadikira mpaka 1974 kuti iikepo Beverly Johnson, ya ku France mpaka 1988 ndi Naomi Campbell. Ena amati apa panalibe tsankho, inali nkhani ya malonda chabe, poti akuti nkhope yakuda siyendetsa magazini. Mfundo imeneyi ndi yopanda maziko. Mu Julayi 2008, Vogue ya ku Italy inatulutsa kope la mamodelo akuda okhaokha, ndipo anthu analigula mpaka linatha m'masitolo, akonzi n'kukakamizika kulisindikizanso.