Mbiri ya dimba kuno ku Mchinji, ndi funso la mtengo

Sabata yatha ndidakumana pa Kamwendo ndi mnyamata wina yemwe ndidamuphunzitsa mu Folomu 3. Adali ndi madengu a matimati, akudikira galimoto yopita ku Lilongwe. Nditamufunsa mtengo adangoseka nati, "Aphunzitsi, mtengo ndikaumva komweko." Yankho limeneli landichititsa kuti ndilembe za komwe ulimi wa ndiwo zamasamba wachokera m'boma lathu lino.

Dimba silachilendo ayi. Agogo athu ankalima m'madambo a m'mbali mwa Bua ndi Rusa nthawi yachilimwe: nkhwani, mpiru, nyemba ndi chimanga chachiwisi. Koma zimenezi zidali za m'mphika. Zikachuluka amayi ankafutsa n'kusunga mfutso m'zikwatu, kapena kugawira anansi. Munthu wogulitsa nkhwani kwa mnzake wa m'mudzi akadasekedwa.

Angerezi atagonjetsa Mpezeni mu 1898 n'kukhazikika pa Fort Manning, dzina lakale la Mchinji, mtima wawo udali pa msonkho ndi mbewu zopita kunja monga fodya ndi mtedza. Titalandira ufulu mu 1964 zinthu zidapitirira chomwecho. Mu 1971 ADMARC idalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board, ndipo mlimi wa chimanga kapena mtedza ankadziwa kokagulitsa komanso mtengo womwe boma lalengeza. Matimati, kabichi ndi anyezi zidalibe sikelo ya boma pamsika wa m'mudzi. Palibe ankaletsa kulima, palibenso ankalonjeza kugula.

Chomwe chidasintha zinthu ndi mzinda. Mu 1975 likulu la dziko lidachoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera pa boma pathu. Anthu ambiri adasamukira kumeneko, ndipo munthu wa lendi alibe dimba, ndiwo amachita kugula tsiku ndi tsiku. Njanji idafika ku Mchinji mu 1980, koma ndiwo zamasamba zidakonda msewu wa tala, chifukwa matimati sadikira sitima. Mu 1987 boma lidalola anthu wamba kugula ndi kugulitsa mbewu za alimi ang'onoang'ono, ndipo matipate atabwera mu 1994 mavenda ndi maminibasi zidachuluka. Ine ndidalowa sekondale m'zaka zimenezo, ndipo ndalama ya sopo ndi mayendedwe inkachokera pa milu ya matimati yomwe amayi anga ankayala m'mbali mwa msewu. Fodya wa abambo ankalipira kamodzi pachaka, dimba linkalipira sabata iliyonse.

Kenaka idabwera njala ya 2002, yomwe ambiri a ife sitidzaiwala. Mabanja omwe adali ndi dimba adapumirako. Itatha njalayo boma ndi mabungwe adalimbikitsa ulimi wamthirira n'kugawa mapampu opalasa ndi miyendo aja. Munthu yemwe ankathirira mabedi ochepa ndi kheni adayamba kuthirira malo aakulu. Pambuyo pake kudabwera mapampu a petulo ndi a mphamvu ya dzuwa.

Tisaiwalenso malire. Kwa ife Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe, ndipo mbali zonse ziwiri tikuyankhula chiyankhulo chimodzi. Mu 2010 bungwe la COMESA lidayambitsa ndondomeko yofewetsa mapepala a ochita malonda ang'onoang'ono pakati pa Malawi ndi Zambia, ndipo mu Disembala 2022 chipata chimodzi cha Mchinji ndi Mwami chidatsegulidwa. Katundu amalowera komwe kuli mtengo. Mwezi uno tikutumiza ndife, mwezi wamawa a ku Zambia atidzadzira msika.

Nanga pa zonsezi, n'chiyani chomwe sichidasinthe? Ndi amene amatchula mtengo. Mlimi wa mtedza akhoza kusunga matumba ake mpaka mtengo utakwera, ndipo alimi a mtedza kuno adapanga bungwe lawo pansi pa NASFAM. Wa matimati alibe mwayi umenewu. Amafika pa Wakawaka ku Lilongwe m'bandakucha atalipira kale galimoto, opikula akudziwa kuti sangabwerere nawo kumudzi. Akamanyinyirika dzuwa likukwera, matimati akufewa. Komanso tonse timafesa nthawi imodzi mvula ikangoleka, n'kudzakolola nthawi imodzi, msika n'kusefukira. Mu Febuluwale, pomwe matimati amasowa ndipo mtengo uli pamwamba, ochepa okha ndiwo amakhala nawo.

Mbali inayi zogula zikukwera. Kachilombo ka Tuta absoluta, kochokera ku South America komwenso kudachokera matimati, kadafika m'chigawo chino cha Africa cha m'ma 2016 ndipo kadachulukitsa kupopera. Mu Novembala 2023 kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, mbewu ndi feteleza n'kukwera nthawi yomweyo. Madambo nawo akutopa, chifukwa talima mpaka m'mphepete mwa mtsinje.

Choncho mbiriyi ikutiuza kuti kulima tidaphunzira kalekale, chomwe tatsalira n'kugulitsa. Inu ana anga amene muli m'madimba, gwirizanani. Gawanani masabata ofesera, tengani galimoto imodzi, imbani foni kumsika musanathyole, ndipo lembani m'kope ndalama iliyonse yomwe yalowa m'dimba. Aphunzitsi anzanga, masamu a phindu ndi kuluza tiziwaphunzitsa ndi dengu la matimati, chifukwa ana ambiri omwe tikuwaphunzitsa akathera komweko.

Mnyamata uja ndidamuonanso Lamlungu ku tchalitchi. Adati ya galimoto ndi ya mankhwala idabwerako, koma ya thukuta lake adaisiya ku Lilongwe. Wafesanso kale nazale ina.