Citsamba Copha Nkhosa ndi Matenda a Shuga

Tonsefe timadziwa munthu wodwala matenda a shuga. Amamva ludzu losatha. Amakodza kawirikawiri, usana ndi usiku. Amadya, koma thupi likuonda. Matendawa ndi akale. Asing'anga a ku India anaona kalekale kuti nyerere zimaunjikana pa mkodzo wa odwala otere, cifukwa mkodzowo uli ndi shuga.

Lero wodwala akapita ku cipatala, nthawi zambiri amalandira mapiritsi dzina lake metformin. Mapiritsi amenewa ali ndi mbiri yake. Mbiriyo iyamba ndi citsamba.

Ku Ulaya kumamera citsamba ca mtundu wa nyemba, dzina lake galega. Alimi anali kupatsa ziweto masamba ake kuti mkaka uculuke. Asing'anga anali kupatsa anthu odwala matenda osiyanasiyana, ndi a ludzu omwe. Koma abusa anadziwa cinthu cina: nkhosa zikadya galega wambiri zimafa. M'citsamba cimodzi munali mankhwala, munalinso ululu.

Akatswiri anafunsa kuti: kodi m'masambamo muli ciani? Anapezamo zinthu za mtundu wa guanidine. M'caka ca 1918 anayesa guanidine pa akalulu, ndipo shuga wa m'magazi anatsika. Koma mphamvu yake inali yaukali, yosayenera munthu. Mu 1926, ku Germany, anapanga mankhwala ena a mtundu womwewo, dzina lake Synthalin. Shuga anatsikadi, koma ciwindi ca odwala cinaonongeka. Mankhwalawo anawasiya.

Pakati pa zaka zimenezi, mu 1922, Emil Werner ndi James Bell anapanga metformin mu mzinda wa Dublin. Sanacite kufinya masamba. Anasakaniza okha zinthu m'nyumba yoyesera, ndipo cimene cinatuluka cinali m'bale wake wa zinthu za mu galega. Anthu sanasamale nazo. M'caka comweco, ku Toronto, madotolo anabaya insulin mnyamata wina, Leonard Thompson, amene anali pafupi kufa, ndipo anatsitsimuka. Maso a dziko lonse anapita kwa insulin. Metformin anaiwalika zaka zambiri.

Amene anamukumbukira ndi dotolo wa ku Paris, Jean Sterne. Iye anayesa metformin pa nyama, kenaka pa odwala. Anayamba ndi muyeso wocepa, namaonjeza pang'onopang'ono, akulemba zonse zimene anaona. Mu 1957 anafalitsa zotsatira zake. Mankhwalawo anawapatsa dzina lakuti Glucophage, ndiye kuti wakudya shuga.

Njira sinali yosalala. Panali mankhwala ena apacibale, phenformin, amene anatsitsa shuga mwamphamvu koma anapha odwala ena. Dziko la United States linawaletsa mu 1977. Anthu anayamba kuopa metformin yemwe, ndipo m'dzikolo anayamba kugulitsidwa mu 1995. Mantha anacepa mu 1998. M'caka cimeneco madotolo a ku Britain anaulutsa zimene anapeza atatsatira odwala zikwi zingapo kwa zaka zambiri. Odwala onenepa amene anamwa metformin anadwala mtima mocepa, ndipo anafa ocepa.

Kodi metformin amagwira nchito bwanji? Ciwindi cathu cimapanga shuga ndi kumuthira m'magazi. Mwa wodwala, ciwindi cimathira wambiri koposa. Metformin amaciletsa kuti cicepetse. Amatsitsanso pang'ono mafuta oipa a m'magazi, amene madotolo amati kolesterolo. Mafutawa akaculuka amatseka mitsempha, ndipo wodwala shuga ndiye ali pangozi yaikulu. Mankhwala amphamvu otsitsa mafutawa, ma statin, nawonso anacokera m'zolengedwa. Akira Endo wa ku Japan anapeza oyamba mu 1973, m'cuku comera pa mpunga.

Si citsamba ciri conse cimene cinapambana mayeso. Pa makomo athu pamamera kaduwa koyera kapena kofiirira, ka masamba osalala, kamene kwao ndi ku cisumbu ca Madagascar. Akatswiri amati Catharanthus. Anthu a ku Jamaica anali kuwiritsa masamba ake ndi kumwa, poganiza kuti amaciza shuga. Masamba anatumizidwa ku Canada. Robert Noble ndi Charles Beer anawayesa pa nyama. Shuga sanatsike monga anayembekezera. Cimene cinacepa ndi maselo oyera a m'magazi, asilikali oteteza thupi. Pofufuza cifukwa cake, mu 1958 anapeza vinblastine, mankhwala a khansa. Kaduwako kanalidi ndi mphamvu, koma osati imene anthu anali kuganiza.

Mbiri imeneyi itiphunzitsa ciani? Makolo, athu ndi a mitundu ina, sanalakwe pofuna mankhwala m'thengo. Anaona, anayesa, anauza ana awo. Popanda nzeru zotere, akatswiri sakadadziwa poyambira. Koma diso lokha siliona zimene zicitika m'ciwindi ndi m'impso. Mphamvu ya tsamba imasintha ndi nthaka, ndi mvula, ndi msinkhu wa mtengo. Kapu ya lero silingana ndi kapu ya mawa. Piritsi liri ndi muyeso umodzi, woyesedwa pa anthu ambiri.

Cifukwa cace tisanyengedwe ndi ogulitsa mabotolo pamsika, onena kuti amathetseratu shuga. Wodwala asasiye mapiritsi kapena insulin cifukwa ca zitsamba. Shuga akakwera mwakacetecete amaononga maso, impso ndi mapazi. Ngati tikumwa zitsamba, tiuze namwino mosabisa, pakuti zina zimalimbana ndi mankhwala a ku cipatala. Tipimitse magazi. Tiyende, tilime, tidye ndiwo zamasamba ndi nyemba, ticepetse zotsekemera.

Kucokera pa akalulu a 1918 kufika pa odwala a Jean Sterne panapita zaka 39. Zaka zonsezo anthu anali kufuna cinthu cimodzi: kupatula mankhwala ku ululu.

Mafunso

1. N'cifukwa ciani abusa anali kuopa galega?
2. Jean Sterne anacita ciani mu 1957?
3. Wodwala shuga amene akumwa zitsamba ayenera kucita ciani?