Mankhwala okokera ndi mpweya: mmene anayambira

Omvera athu a m'maboma a m'malire, lero tikambe mbiri ya matenda amene dzina lake silimveka kawirikawiri kuno kwathu, cystic fibrosis. Mwana amabadwa nawo, atatengera kwa bambo ndi mayi onse awiri, ngakhale makolowo ali bwinobwino. Sapatsirana. Makhololo a mwana wotere amakhala olimba ngati ulimbo, moti amatseka njira za mpweya, ndipo chakudya sichigayika bwino m'mimba.

Amene anawafotokoza bwino koyamba ndi dokotala wamkazi, Dorothy Andersen, ku New York m'chaka cha 1938. Nthawi imeneyo ana ambiri ankamwalira akadali makanda, mapapo atadzaza mafinya. Mu 1948 kunja kutatentha kwambiri mumzindawo, dokotala wina, Paul di Sant'Agnese, anaona kuti ana odwala matendawa ndiwo ankafooka msanga. Atafufuza anapeza kuti thukuta lawo lili ndi mchere wochuluka. Mpaka lero matendawa amayezedwa ndi thukuta.

Madokotala awiriwa anayesa kupatsa ana penisilini wopuma ngati nkhungu m'ma 1940 momwemo. Anathandiza ndithu. Koma ana atayamba kukhala ndi moyo wotalikirapo, m'mapapo mwawo munkakhazikika kachilombo kena kouma mutu, Pseudomonas, kamene penisilini sakapha. Kameneka kamapezeka m'madzi ndi m'dothi, ndipo munthu wabwinobwino sikamuvuta. Kakalowa m'makhololo olimba aja kamadzikuta ndi utomoni wake n'kumanga mudzi.

Mankhwala otha kukapha analipo, monga gentamicin ndi tobramycin, koma ankaperekedwa kudzera m'mitsempha. Vuto linali apa. Mankhwala oyenda m'magazi amafika pang'ono chabe m'makhololo, pamene ochuluka akudutsa mu impso ndi m'makutu. Ukawonjezera mlingo, impso zimawonongeka ndipo munthu amatha kugontha. Achikulire amene anabayidwapo jakisoni wa streptomycin pa chifuwa chachikulu akudziwa za kulira kwa m'makutu; mankhwalawa ndi a banja limodzi. Choncho mwana ankagonekedwa m'chipatala milungu iwiri, n'kutuluka, posakhalitsa n'kubwereranso.

Mu 1981 dokotala Margaret Hodson ndi anzake a ku chipatala cha Brompton ku London anaonetsa kuti odwala opuma mankhwala awiri, carbenicillin ndi gentamicin, m'mawa ndi madzulo, ankapuma bwino ndipo sankagonekedwa pafupipafupi. Komabe madokotala ambiri anakayika. Iwo ankaopa kuti kachilomboka kazolowera mankhwala, ndipo manthawo anali omveka. Komanso mankhwala ankatengedwa m'timabotolo ta jakisoni, momwe muli zosungitsa zina zimene zimatsokomoletsa ndi kubanikitsa.

Yankho linachokera ku Seattle, m'dziko la America. Kumeneko anakonza tobramycin wopangidwira mapapo okha, wopanda zosungitsa zija. Analoledwa mu 1997, ndipo zotsatira za kafukufuku wa odwala 520, wotsogoleredwa ndi Bonnie Ramsey, zinasindikizidwa mu 1999. Amene analandira mankhwalawa mphamvu ya mapapo awo inakwera ndi magawo 10 pa 100 alionse, pamene ya enawo inatsika pang'ono. Ndondomeko yake ndi iyi: mamiligalamu 300 kawiri pa tsiku, kudzera m'kamakina kosandutsa madzi kukhala nkhungu, kwa mphindi pafupifupi 15. Munthu amatero masiku 28, n'kupumula masiku 28, n'kuyambiranso. Kupumulako n'kofuna kuti kachilombo kasazolowere. Ena mawu amasasa, ena makutu amalira, n'chifukwa chake dokotala amawaunika pafupipafupi.

Tinene mosabisa: mankhwalawa sachiza. Kachilombo kakakhazikika, amangokachepetsa mphamvu kuti mapapo asawonongeke msanga. Ndi odulanso, ndipo kamakinako kamafuna magetsi ndi kutsukidwa tsiku lililonse.

Wina angafunse kuti nanga ife zikutikhudza bwanji, poti amati ndi matenda a azungu? Ndi zoona kuti ndi ofala kwambiri pakati pa anthu ochokera ku Ulaya, koma ku South Africa apezekanso mwa ana achikuda. Kuno mwana wotsokomola kosalekeza timangoganizira chifuwa chachikulu kapena kunyentchera, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Koma ngati wayezedwa chifuwa chachikulu osapezeka nacho, akudya koma sakunenepa, chimbudzi chake chili chamafuta ndi chonunkha kwambiri, ndipo mukamupsompsona pamphumi mukumva mchere, fotokozani zonsezi kwa a zaumoyo. Ngati m'banjamo munamwalirapo khanda lina ndi chifuwa chotere, nenaninso.

Chinanso, amayi ndi abambo: kupuma mankhwala kumene tikunena pano si kudzifukiza ndi masamba a bulugamu mutafunda bulangete. Kutsegula kapisozi wogula pamsika n'kuthira m'madzi owira sikufikitsa mankhwala m'mapapo, chifukwa sakwera ndi nthunzi, amatsala mumphika. Mwana angathe kungopsa ndi madziwo.