Mbiri ya Dzuwa Yosungidwa M'mitengo

Kuyambira m'masiku a Galileo, cha m'ma 1610, pamene anthu a ku Ulaya adayamba kuyang'ana dzuwa ndi magalasi oonera kutali, zidadziwika kuti nkhope yake, imene makolo awo ankaiyesa yopanda chilema, ili ndi mawanga akuda amene amabadwa, nakula, nazimiririka. Padapita zaka zoposa 200 anthu asanazindikire kuti mawangawo ali ndi nyengo yake, kufikira Heinrich Schwabe, wogulitsa mankhwala wa mumzinda wa Dessau ku Germany, atawawerenga kwa zaka 17, adalengeza m'chaka cha 1843 kuti amachuluka ndi kuchepa pakapita zaka ngati khumi, nyengo imene lero timaiwerengera zaka 11. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komabe zaka 400 za zolemba za anthu n'zochepa ndithu pa moyo wa dzuwa, ndipo ofuna kudziwa machitidwe ake a makedzana adayenera kufuna mboni ina.

Woyamba kukaifuna mboniyo kunkhalango adali Andrew Ellicott Douglass, katswiri wa zakuthambo amene adafika ku Arizona m'chaka cha 1894 kudzathandiza kukhazikitsa nyumba yoonera nyenyezi ya Lowell ku Flagstaff. Iye ankalingalira kuti ngati dzuwa ndilo lilamulira mvula, ndipo mvula ndiyo ikulitsa mtengo, ndiye kuti mikombero ya m'thunthu, imene mtengo umaonjezapo umodzi chaka ndi chaka, wonenepa m'chaka cha mvula ndi woonda m'chaka cha chilala, iyenera kusunga chizindikiro cha mawanga aja. Chotero adayendayenda pakati pa zitsa ndi zipika za paini, akuyeza mikombero umodziumodzi, mpaka adaphunzira kulumikiza mtengo wamoyo ndi mtanda wa denga la nyumba yakale, naulumikizanso mtandawo ndi wina wakale koposa, pofananitsa kutsatana kwa zaka zonenepa ndi zoonda. M'chaka cha 1929, ku Show Low, kudapezeka mtanda wopserera umene udatseka mpata womwe udatsala m'chiwerengero chake, ndipo zaka za mabwinja a anthu a Pueblo, monga Pueblo Bonito, zidadziwika. Koma dzuwa limene iye ankalifuna silidaonekere bwino m'kunenepa kwa mikombero, pakuti mvula ili ndi ambuye ambiri.

Chinsinsi chidali m'thupi la mtengo lenilenilo, ndipo amene adatsegula khomo osadziwa adali Willard Libby wa ku Chicago, yemwe cha m'ma 1949 adapeza njira yodziwira zaka za zinthu zakale poyeza kaboni-14, nalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 1960. Pamwamba penipeni pa mlengalenga, tinthu taliwiro tochokera kutali pakati pa nyenyezi timaomba mpweya, ndipo nayitrojeni wina amasanduka kaboni-14, amene amatsika, nalowa m'masamba pamodzi ndi mpweya umene zomera zimakoka, nakhazikika mumkombero wa chaka chimenecho, mmene theka lake limatha pakapita zaka 5,730. Libby ankayesa kuti kaboniyu amapangika mofanana mibadwo yonse. Koma m'chaka cha 1958 Hessel de Vries wa ku Groningen, poyeza mikombero imene zaka zake zidali zodziwika kale, adaona kuti muyeso wake mumlengalenga umakwera ndi kutsika, ndipo Hans Suess adatsimikiza zimenezi pa mitengo ya paini ya kumapiri a White ku California, imene ina yake yakhala ndi moyo zaka zoposa 4,000.

Chimene chidali chopunthwitsa kwa ofukula zakale chidasanduka chuma kwa ophunzira za dzuwa. Pakuti dzuwa likakhala ndi mawanga ambiri, mphamvu yake ya maginito imakula, nitchinga dziko monga mpanda wokhwima utchingira mbuzi kudimba, ndipo tinthu taliwiro tija tikafika tochepa, kaboni-14 naye amachepa. Koma dzuwa likafatsa, mpandawo umafooka, kaboni nachuluka m'mitengo. Minze Stuiver adaonetsa kugwirizana kumeneku m'chaka cha 1961, ndipo m'chaka cha 1976 John Eddy adakugwiritsa ntchito poweruza mlandu wakale. Gustav Spörer ndi Edward Walter Maunder adali atanena kale kuti pakati pa 1645 ndi 1715 mawanga adasowa pafupifupi kotheratu, koma ambiri ankati mwina oyang'ana a nthawiyo adali aulesi chabe. Eddy adaika zolemba za akale pambali pa umboni wa mitengo, ndipo taonani, m'zaka zomwezo kaboni-14 adali atakwera. Mawu a akulu akoma akagonera. Mitengoyo idaululanso nyengo ina yofatsa yotere, cha pakati pa 1460 ndi 1550, telesikopu isanapangidwe, ndipo m'chaka cha 2004 Sami Solanki ndi anzake adabwerera nayo m'mbuyo zaka zoposa 11,000.

Kwa nthawi yaitali oyeza ankadula mikombero khumi pamodzi, popeza makina awo ankafuna nkhuni zambiri. Koma makina atakhala okhoza kuyeza kachidutswa kakang'ono, kudatheka kufunsa chaka chilichonse pachokha. M'chaka cha 2012 Fusa Miyake, amene panthawiyo adali wophunzira pa yunivesite ya Nagoya, adapeza m'mitengo yakale ya sugi ya pachilumba cha Yakushima ku Japan kuti pakati pa zaka za 774 ndi 775 kaboni-14 adalumpha ndi gawo 1.2 pa magawo 100 alionse, ndipo mitengo ya ku Germany, ku America ndi ku New Zealand idachitira umboni womwewo. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti limeneli lidali dzuwa litalavula namondwe woopsa, pakuti dzuwa lomwelo limene limatchinga tinthu ta kutali limathanso kuponya take. Kulumpha kwina kwa chaka cha 993 kudathandiza ofufuza, powerenga mikombero kuchokera pamenepo kufikira kukhungwa, kudziwa kuti anthu a Viking adadula mitengo ku L'Anse aux Meadows, ku Newfoundland, m'chaka cha 1021.

Nkhani imeneyi ili ndi kulemera kwake kwa ife a lero, pakuti namondwe wa dzuwa wa 1859, amene adasokoneza nthambo za telegalafu ku Ulaya ndi ku America, sadasiye m'mitengo chizindikiro chofanana ndi cha 775. Ndipo oyala nthambo za magetsi ndi otumiza masetilaiti kumwamba ayenera kudziwa kuti zoterezi zimabwera kangati pa zaka chikwi. Douglass adamwalira m'chaka cha 1962 asanaone zambiri za izi, koma popanda chiwerengero chokhulupirika cha mikombero chimene iye adachiyamba, palibe mmodzi mwa otsatira ake akadakhoza kutchula chaka molimba mtima. N'chifukwa chake tiyenera kulemekeza munthu wowerenga ndi kusunga mokhulupirika, ngakhale asanapeze chimene adafuna, pakuti ntchito yake idzayankha mafunso a ana amene sanabadwe.