Golide ndi Mamolekyulu Odziyala Okha

Luso loyala mamolekyulu pachitsulo kuti apange chophimba cha mzere umodzi wokha silinabadwire pa golide, koma ndi pa golide pomwe linakhwimira. Mu 1946, William Zisman ndi anzake a ku Naval Research Laboratory ku America anaviika chitsulo choyera m'mafuta osungunuliramo mamolekyulu aataliatali, ndipo chinavuuka chouma: mamolekyulu aja anali atadzindandalika okha n'kuwakana mafutawo. Ntchitoyi inagona zaka zambiri, n'kudzadzuka mu 1983 pamene Ralph Nuzzo ndi David Allara a ku Bell Laboratories anaonetsa kuti mamolekyulu okhala ndi sulufule amakakamira golide mwamphamvu. Chinasintha si nzeru ayi, koma poyalira pake. Zitsulo zambiri zikangokumana ndi mpweya zimachita dzimbiri, pomwe golide satero. Choncho wofufuza aliyense ankatha kumiza golide usiku umodzi mu ethanol wothiramo mamolekyulu otchedwa thiol, okhala ndi mutu wa sulufule ndi mchira wautali, kutacha n'kupeza zomwe mnzake wakutali wapeza. Mitu ya sulufule imagwira golide m'timphindi tochepa, michira n'kuyamba yagona chogona. Pakapita maola imadzuka, kuthinana, ndi kupendekeka pafupifupi madigiri 30. Gulu la George Whitesides ku Harvard linkangosintha nsonga ya mchira, golide yemweyo n'kumanyowa ndi madzi kapena kuwakana, ndipo pofika 1993 linkadinda mamolekyuluwa ndi chidindo chofewa ngati labala.

Ena amati ulemu wonse ndi wa Zisman, popeza ndiye anayamba. Kuyamba anayambadi, koma chinthu chimasanduka luso pokhapokha manja ambiri atachibwereza osaphonya, ndipo mwayi umenewu unabwera ndi golide. Chitsutso cholemera ndi chakuti golide si mphasa yongoyalapo zinthu monga ankaganizira poyamba. Makina oonera maatomu anaonetsa timaenje pamwamba pake, ndipo cha mu 2006 zinadziwika kuti sulufule amazula maatomu ena a golide n'kuwapana pakati. Chophimbacho chimathanso kuyoyoka chikatenthedwa kapena chikakhalitsa pampweya. Izi n'zoona, komatu zikuikira kumbuyo mfundo yomwe ija. Zilema zimenezi zinaoneka chifukwa panalibe dzimbiri lozibisa, ndipo ofufuza a m'mayiko osiyanasiyana ankayang'ana chinthu chimodzimodzi, n'kumatsutsana pa malo enieni amene atomu imodzi ya sulufule imakhala.