Goldwyn, Joyah ndi msewu wa Thambani

M'zaka za m'ma 1930 makampani akuluakulu a ku Hollywood, monga MGM ndi Paramount, anali ndi zonse: ochita sewero, makamera ngakhalenso nyumba zoonetseramo mafilimu. Samuel Goldwyn anasankha kuima payekha. Kuyambira 1923 ankadzisankhira nkhani ndi anthu ogwira nawo ntchito. Filimu yake ya 1946, The Best Years of Our Lives, yonena za mavuto a asilikali obwera kuchokera kunkhondo, inapata mphotho ya Oscar.

Kuno kwathu njirayi anaitsata a Shemu Joyah, katswiri woyeza malo amene anakhazikitsa kampani ya FirstDawn Arts. The Road to Sunrise ya 2017, yofotokoza moyo wa amayi oyendayenda mu Blantyre, ndiyo filimu yoyamba imene Malawi anatumiza ku mpikisano wa Oscar.

Awiriwa anakhudza nkhani zowawa chifukwa ankasankha okha choti ajambule. Ifenso tili nazo zathu. Pa msewu wa Thambani ku Mwanza anaphedwerapo a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga mu May 1983, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Filimu ya nkhani imeneyi ikufunika munthu amene sadyera m'manja mwa boma kapena chipani.